Mphika wa kumapeto kwa mzere

Ambirife kuno ku Chipata sitinadziwe buffet, chakudya chodzigawira wekha pa mzere wa miphika, ndi ndalama za m'thumba mwathu. Tinaidziwira ku misonkhano. Bungwe likaitana anthu ku maphunziro, kaya ndi a zaulimi, kaya a malungo, kaya a chisankho, limalipiriratu zonse ku hotelo: holo, madzi a m'botolo, timaswiti ta pa tebulo, tiyi wa 10 koloko, chakudya cha masana, ndi tiyi wina wa madzulo amene ntchito yake ndi kudzutsa anthu amene agonetsedwa ndi chakudya cha masana chija. Ine ntchito yanga ndi ya alimi a mtedza ndi soya, ndipo yandidyetsa m'mahotelo kuyambira ku Lundazi mpaka ku Nyimba, ku Lusaka, ndi kunja kwa dziko pang'ono. Si kudzitama ayi. Wolipira amakhala wina, ine n'kumangonyamula mbale.

Aliyense amene anaimapo pa mzere umenewu amaudziwa bwino. Wotsogolera akangoti wina apempherere chakudya, anthu amene m'mawa wonse amadandaula msana amanyamuka msanga kuposa achinyamata. Mbale imachoka pamenepo itasenza: mpunga pansi, makaroni pambali, mbatatesi, nsima pamwamba, nyama, ndi kasaladi kolendewera m'mphepete. Sindiseka munthu. Ambiri amene amabwera ndi alimi, aphunzitsi a kumidzi, anyakwawa, anthu amene nyama amaiona pa Khirisimasi ndi pa ukwati. Alawansi akufuna ikafike kunyumba yosagumuka, ndiye chakudya cha masana chiyenera kugwiranso ntchito ya chamadzulo.

A hotelo nawonso si ana. Tayang'anani mmene amayalira miphika yawo. Koyambirira amaika saladi ndi buledi, kenako zokhutitsa zotsika mtengo, kuti pofika pa nyama mbale ikhale itadzaza kale. Mbale zakezo ndi zocheperako kusiyana ndi za pakhomo. Ndipo ngakhale amati aliyense adzigawire yekha, pa nkhuku pokha pamaima mnyamata wa chipewa choyera, chipande chili m'manja mwake, osati mwanu. "Nkhuku kapena ng'ombe, abwana?" Mukati zonse, amayamba wakuyang'anani kaye, kenako n'kukuikirani phiko ndi kanthuli kamodzi.

Zimenezo sizindivuta, malonda ndi malonda. Chimene chimandiwawa chili kumapeto kwenikweni kwa mzere, kuseri kwa nyama, pafupi ndi zotokosera m'mano. Kumeneko kumakhala mphika wa ndiwo zamasamba. Kawirikawiri ndi repu kapena kabichi wokazinga ndi tomato. Tsiku la mwayi mumapeza nkhwani wotendera. Holo yonse ikadutsa, mphikawo umakhala uli chidzazire, supuni ili chiimire pakati.

Tili m'chigawo cha Kum'mawa, kumene kumachokera mtedza wambiri wa dziko lino la Zambia. Chalimbana, wa njere zikuluzikulu uja, abale a ku Lusaka ndi ku Copperbelt amachita kutiimbira foni kuti tiwatumizire pa basi. Pa Msekera, kunja kwa tauni pang'ono, akatswiri akhala akufufuza mbewu za mtedza zaka zambirimbiri. Nsinjiro ndiye anali mafuta athu. Agogo anga ku Chadiza sankadziwa za botolo la mafuta ophikira: nkhwani, khwanya, chigwada, bonongwe, mfutso wa m'chilimwe, bowa wouma, ngakhale mbatata ya futali, zonse ankatendera. Ndiye mlendo akachoka ku Ndola kapena ku Nairobi, n'kugona mu hotelo ya m'Chipata, n'kubwerera osalawako nsinjiro, kwa ine munthuyo sanafike kwathu. Wangoona mapiri athu ndi njinga.

Koma imene imazunzika koposa mu buffet ndi nsima. Nsima sidikira munthu, munthu ndiye amadikira nsima. Ikapsa iyenera kuomoledwa n'kudyedwa ikutentha zala. Ku hotelo amaiomola 11 koloko isanakwane, mtanda uliwonse n'kuukulunga m'kapulasitiki, n'kuiunjika m'chiwaya cha chivundikiro chokhala pa madzi otentha. Msonkhano ukatalika chifukwa mlendo wolemekezeka anafika mochedwa ndipo mawu ake sakutha, nsima ija imachita thukuta m'pulasitikimo, kunja n'kuterera, mkati n'kuuma gwa. Mukaitema simva kukanyika m'manja, imangonyenyeka. Ufa wake ndi breakfast wa m'sitolo, woyera mbee koma wopanda fungo lililonse. Amene anakulira ufa wa chimanga chokonola, mphale yonyikidwa m'madzi masiku angapo, yotsukidwa n'kuyanikidwa pa mphasa isanapite ku chigayo, amadziwa kuti nsima ili ndi kukoma kwakekwake, kafungo kowawasira patali kamene kamagwirizana ndi therere. Ana a masiku ano amayesa kuti nsima ndi chinthu chongonyamulira msuzi.

Chondiseketsa n'chakuti mahotelo ena ayamba kuika timitanda ta mgaiwa, ta mawere kapena ta mapira pambali pa yoyera ija. Musaganize kuti akumbukira chikhalidwe. Akuluakulu a maofesi agwidwa ndi shuga ndi BP, adokotala awaletsa ufa woyera. Nsima imene tinkabisa kwa anzathu tili ana, poopa kuti atiseka umphawi, yabwerera pa tebulo la nsalu yoyera kudzera m'chipatala.

Mu hotelo ina ya m'tauni muno ndinapeza mpata wocheza ndi mayi amene amaphika kumeneko, munthu wachikulire ndithu, kwawo ku Katete. Ndinati, "Amayi, bwanji simutiphikirako therere kapena chigwada? Kodi kusukulu ya zophika anakuletsani?"

Anaseka mpaka kugwira pa chifuwa. "Atate, mumadya inu? Tinaphikapo ife. Lumanda wotendera, therere la chidulo, nkhuku ya kumudzi. Nkhuku inatha anthu a kumbuyo asanafike. Masamba aja tinadya antchito, otsala tinataya. Abwana ataona mphika wabwerera wodzaza anati basi, tisamaononge nsinjiro."

Anandifotokozeranso zimene ife odya sitiganizira. Ndiwo zotendera sizichedwa kusasa. Pa kamoto ka pansi pa chiwaya zimapserera, mukachepetsa kamotoko zimazizira, ndipo chakudya chikatsika pansi pa madigiri 60 n'kukhala nthawi yaitali, mumatsegula m'mimba holo yonse. Therere nalo likakhalitsa limada ndi kulekana madzi. Kabichi ndi wopirira, amakhala maola atatu osasintha nkhope. Ndiye panabweranso chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko. Madzi a ku Kariba anatsika, magetsi n'kumazima mpaka maola 21 pa tsiku, firiji iliyonse n'kumadalira jenereta ndi dizilo wodula. Wophika aliyense anathamangira zosavuta kusunga, ndipo ambiri sanabwererenso.

Mayiwa ananena zoona, ndipo mlandu waukulu uli ndi ife odya. Tikalowa mu hotelo timafuna chimene kunyumba kulibe. Masamba timati tadya moyo wathu wonse. Kenako tikatuluka ndife tomwe timadandaula kuti mahotelo athu amaphika za azungu zokhazokha.

Ndinayamba kuziona bwino zimenezi nditadya kwa eni ake ena. Ku Addis Ababa, pa chakudya cha m'mawa cha mu hotelo, mazira ndi soseji zinalipo monga kulikonse, koma pakati penipeni panali injera, buledi wopyapyala wotambalala wa ufa wa teff, ndi firfir, injera yomweyo yonyenyedwa mu msuzi wa tsabola. Amene ankaunjikana pamenepo sanali alendo ofuna kujambula zithunzi ayi, anali eni dziko, ovala masuti, makiyi a galimoto ali pa tebulo. Poyamba sinandikomere, kuwawasa kwake kunali ngati thobwa logona masiku awiri, koma lilime silichedwa kuzolowera. Chimene chinandigwira mtima ndi ndiwo zake. Akhristu a mpingo wa Orthodox kumeneko sadya nyama, mkaka kapena mazira Lachitatu ndi Lachisanu, kuwonjezera pa nyengo zina zazitali za kusala, choncho malo odyera aliwonse amayenera kudziwa kuphika nyemba, mphodza, masamba ndi shiro, msuzi wolimba wa ufa wa nyemba zawo. Munthu wolemera amaitanitsa zimenezi masana pamaso pa anzake osachita manyazi. Chipembedzo chinawasungira ndiwo zawo. Ife tilibe chotisungira chotere, ngakhale Lenti timangosala mowa ndi shuga.

Ku Tete ndi pafupi, mumangotsika ndi msewu wa ku Katete n'kudutsa pa Chanida, koma kutentha kwake kumakuiwalitsani njala. Kumeneko ndinadya matapa. Ndi chigwada chathu chomwechi, chosinjidwa mu mtondo, chotendera, kungoti iwo amathirako mkaka wa kokonati, nthawi zina ndi nkhanu. Chili pa menyu, ndi mtengo wake, pakati pa nkhuku ya piri-piri ndi nsomba, ndipo woperekera zakudya amakulangizani kuti muchilawe osatsitsa mawu. Mbuzi yawo anaichitira zazikulu: dzina loti Cabrito de Tete linalembetsedwa mwalamulo, kuti wina asamagulitse mbuzi ya kwina ndi dzinalo. Eni ake amati imakoma chifukwa cha masau ndi malambe amene imadya kutchire. Ndikudya ndinkaganiza za Chalimbana, za nyemba za ku Lundazi ndi za mpunga wonunkhira wa ku Chama. Zonsezi zili ndi mbiri m'dziko lonse, koma sindinaonepo kakhadi pa buffet ya m'Chipata kolembedwa kuti mpunga uwu ndi wa ku Chama. Amangolemba kuti mpunga, ndipo kawirikawiri ndi wa m'thumba lochokera kutsidya la nyanja.

Ku Dar es Salaam kokonati ali paliponse, mu mpunga, mu nyemba, mu nsomba, ndipo pilau wawo amanunkhira musanalowe pakhomo. Ku Johannesburg ndinangoona nyama yochuluka mochititsa mantha, pap, nsima yawo, ndi chakalaka, ndiwo zawo za tsabola, zili pambali. Sindinakhaleko mokwanira kuti ndinene zambiri.

Ku Lilongwe sindikuwerenga ngati kunja, ngakhale pa Mwami amadinda pasipoti. Chitsegulireni nyumba imodzi yodindira ya maiko onse awiri pa malirepo mu 2022, munthu umatha kunyamuka m'mawa n'kukadya nkhomaliro kumeneko. Iwo ali ndi chimene amanyadira: chambo chathunthu, mutu ndi mchira zili pomwepo, mpunga wa Kilombero, ndi botolo la Nali pa tebulo lililonse. Chambo cha m'nyanja chachepa, ndipo china chimene mumadya ndi choweta, monganso nsomba zathu zambiri zimene zikuchokera m'makola a pa Kariba ku Siavonga. Koma pa nkhani ya masamba, matenda ndi amodzi. Mphika wa nkhwani kumenekonso uli kumapeto, wodzaza. Ndife a mtundu umodzi ndithu, si pa Kulamba pokha pamene timaonekera.

Amene atipambana m'dziko lathu lomwe lino ndi ambuya athu Abemba. Ndinene mosabisa ngakhale andiseke. Chikanda chawo chalowa pa maukwati, m'mahotelo ndi m'masitolo akuluakulu. Ifisashi, masamba awo otendera, ali pa menyu. Mukapita ku matebeto ku Thornpark mu Lusaka nthawi ya nkhomaliro, mupeza magalimoto apamwamba atandandalika, mabwana atapinda malaya, akusankha pakati pa nsomba youma, vinkubala, impwa, kapenta wa ku Mpulungu ndi masamba a mitundumitundu. Imeneyonso ndi buffet, kungoti nsima amaomola mukuona ndipo masamba sali kumapeto. Matebeto ndi mwambo wa m'banja, woti mkazi aphikire mwamuna wake zakudya zosiyanasiyana, koma anausandutsa malonda, ndipo palibe amene akuchita nawo manyazi.

Ife tikatchula chakudya cha kwathu, iwo amathamangira mbewa, ife n'kuwabwezera za anyani, nkhani n'kuthera m'phwete. Mbewa ndimadya ndipo sindipepesa. Si khoswe wa m'nyumba ayi, ndi nyama ya kumunda yodya mbewu. Anthu akakolola, anyamata amakumba mauna ndi kutchera misampha, amazitumbula, kuziwiritsa ndi mchere, kuziwamba pa moto mpaka ziume, n'kuzipana pa timitengo. Mukamayenda mu Great East Road m'miyezi yozizira mumaziona zikukwezedwa m'mwamba basi ikamadutsa. Kapuku wonona ndi nsima ya mgaiwa, palibe soseji imene ingafikepo. Komabe sindikupempha hotelo iliyonse kuti iike mbewa pa buffet. Ndiponso pa ntchito yanga ndimalimbana ndi anyamata omwewo chaka ndi chaka, chifukwa posaka mbewa amatentha mapesi amene timaphunzitsa alimi kuti azisiya m'munda. Zimene ndikupempha ndi zapafupi: thobwa m'malo mwa zakumwa za m'botolo, chigumu, zitumbuwa, maungu kapena chimanga chowiritsa pa tiyi wa 10 koloko, bowa ndi inswa mvula ikagwa, nkhanga, nyemba zophikidwa pa makala kuyambira m'mawa. Ngakhale samusa ndi biriyani wa mabanja a Amwenye a ku Down Shops ndi chakudya cha Chipata, takula nacho, ndipo chimaposa samusa wouma wa m'firiji amene timapatsidwa pa misonkhano.

Mphwanga wina amagwira ntchito ku loji ina ku Mfuwe, kumene alendo amabwera kudzaona nyama za ku South Luangwa n'kumalipira madola. Amati usiku umene amaphika za kuno, mphika woyamba kutha ndi wa masamba otendera, ndipo azungu amafunsa kaphikidwe kake n'kulemba m'mafoni. Sindikonda mfundo yoti chinthu chathu chikhale chabwino chifukwa mzungu wachiyamikira. Ndangoitchula chifukwa ikusonyeza kuti vuto si mphikawo.

Alendo anga ine sindipita nawo ku hotelo masana. Ndimapita nawo ku tinyumba todyera ta pafupi ndi msika wa Kapata, kumene mayi amakuthirirani madzi osamba m'manja kuchokera m'jagi, n'kukuvundukulirani miphika kuti muone nokha. Chiyambireni kolera ya 2023 ndi 2024 ndimayang'ana kaye ngati pali sopo ndi madzi oyenda, ndipo malo ambiri anasintha ndithu. Akakhala alendo obwera pa msewu kuchokera ku Lusaka, ndimawauza kuti asadye ku Chongwe, asunge njala mpaka pa Luangwa Bridge, adye nsomba yokazinga ataimirira, agulenso youma ya kunyumba. Kungoti akumbukire kuti kuyambira 1 December mpaka kumapeto kwa February boma limatseka usodzi m'mitsinje yambiri, ndiye nyengo imeneyo asayembekezere zambiri.

Chaka chatha udindo wokonza msonkhano wa alimi otsogolera anzawo unagwera ine, ndipo ndinati ndiyese. Ndinapita ku hotelo ndi pepala langa: nsima ya ufa woyera wa kumudzi ndi ya mgaiwa, nkhwani wotendera, therere, nyemba za ku Lundazi, nkhuku ya kumudzi, thobwa. Anavomera, koma apa m'pamene ndinadziwira mbali ina ya nkhaniyi imene sioneka pa mzere. Nkhuku ya kumudzi ndi yodula kuposa ya broiler, iyenera kusakidwa masiku angapo msonkhano usanafike, ndipo imadya makala chifukwa sipsa msanga. Masamba ayenera kugulidwa m'mawa womwewo kwa amayi a pa msika, amene alibe lisiti, alibe TPIN (nambala ya msonkho), alibe akaunti ya ku banki. Wowerengera ndalama wa hotelo amafuna pepala pa ngwee iliyonse, wa ku bungwe lathu nayenso chimodzimodzi. Kabichi, mpunga wa m'thumba ndi nkhuku ya m'firiji zimabwera pa lole ndi mapepala ake onse. Nkhwani wa ku dimba la ku Luangeni alibe pepala. Pamapeto pake mayi wina wa gulu la alimi athu, limene ndi lolembetsedwa, ndiye anasonkhanitsa masamba, ufa ndi nsinjiro kwa anzake n'kulemba lisiti imodzi m'dzina la gululo.

Ndinapemphanso zinthu ziwiri zosalira ndalama: kuti miphika ya masamba iikidwe koyambirira kwa mzere, mbale zikadali zopanda kanthu, ndi kuti nsima iphikidwe kawiri, yachiwiri ivundulidwe anthu atayamba kale kudya, popanda pulasitiki. Ophika anang'ung'udza pang'ono chifukwa ndi ntchito yowonjezera, koma anachita.

Nkhwani anatha yense. Nyemba zinatha. Therere linatsala theka, chifukwa anthu ovala malaya oyera amaliopa. Anzathu ochokera ku likulu ku Lusaka anabwereza, wina mpaka anapempha kuti amuikire nsinjiro m'kathumba. Thobwa linatha anthu akufunabe, ngakhale ena anafunsa ngati botolo la chakumwa chawo angalandirebe kuti akapatse ana kunyumba.

Ndikudya, mkulu wina wa ku Vubwi, mlimi wakhama amene ndimamulemekeza kwambiri, anabwera pa tebulo langa mbale ili m'manja. Anaima kaye, n'kuyang'ana mbaleyo, n'kuyang'ana ine.

"Alangizi, ndimati ndifunse nawo. Menyu imeneyi walemba ndani?"

"Ndine, atate. Sinakukomereni?"

"Kukoma yakoma. Koma ine ndadzuka 4 koloko, ndakwera njinga, ndakwera galimoto, fumbi lonse lija, kudzadya therere? Therere ndalisiya kunyumba, amayi anu aphika dzulo. Chaka chatha kunali soseji."

Ndinanyamuka n'kupita kukhitchini kukawapemphera soseji. Anawakazingira awiri, n'kuwalemba pa bilu ya bungwe.